Ndaswa Mtsuko Wanu Chifukwa cha Nsomba za Domingo

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji?

Ndine Enelesi, mwana wanu wachiwiri, uja munkati manja ake sakhala pansi. Pa chiphaso cha boma anandilembera zaka makumi asanu ndi awiri kudza zitatu, koma anangoyang'ana imvizi n'kulemba. Zenizeni mukuzidziwa ndinu amene munandibereka. Musadabwe kuona zilembo. Ndinakaphunzira ku sukulu ya kwacha nditakula kale, inu mutapita, ndipo ndimalemba ngati nkhuku ikupalasa pa dzala. Muwerenge mondilezera mtima. Ndili ndi mlandu kwa inu, koma ndiyambe ndi za kumudzi kuti mtima ukhale pansi.

Kwa Katunga anthu alipo. Mapira chaka chino anachita bwino kumunda wa kumtunda, kungoti mbalame zinandithandiza kukolola mbali ya kumadzulo. Thonje ndinasiya kulima, msana unakana, ndimangobzala mizere iwiri kuti dzanja lisaiwale. Madzi osefukira anatitengera mbuzi ziwiri ndi chimbudzi, koma mtengo wa masau umene munabzala kuseri kwa khola unapulumuka, ndipo ana a m'mudzi akuugenda monga kale. Mdzukulu wanga Mariya wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu, Tereza. Akalira mudzi wonse umadziwa, ndiye tikuti dzina lapeza mwini wake. Achimwene a Zuze anakutsatirani chaka chathachi, mwina mwaonana kale. Muwauze kuti bwato lawo lawolera pa dooko, ana awo palibe amene akufuna za kudambo.

Tsono ndinene za Domingo, mwana wanga woyamba, amene munamusiya atangokwatira kumene Agnesi. Anapeza ntchito ku kampani ya nzimbe ku Nchalo, kumene amayeretsa madzi, ndipo anamanga nyumba yake yamalata konkuno. Ndi m'nyumba imeneyi ndikulembera. Mwana sanamuone, Amayi. Zaka zonsezi, kuchipatala anapita, kwa asing'anga anapita, kumapemphero anapita. Ine ndinayankhula zambiri zimene sindingazilembe pano. Ndinamuuza kuti atenge mkazi wina, iye anakana. Agnesi ndinkamupatsa moni ndi pakamwa pokha.

Bwana wina wa kuntchito kwake pobwerera kwawo anamusiyira nsomba ziwiri za m'bokosi lagalasi. Amazitcha disikasi. Inu amene munakulira pa makakana ndi milamba simungazikhulupirire. Ndi zobulungira ndi zaphwatalala ngati kambale kothira ndiwo, kukula kwake chikhatho cha mwamuna, zina zofiira ngati chitenje, zina za mizere yobiriwira. Sadya. Amangoziyang'ana. Akuti kwawo ndi ku mitsinje ya kutali kwambiri, ndipo madzi akasintha pang'ono zimadwala. Domingo anazisamala mpaka zinaswana, zina n'kufa ndi ukalamba, zina n'kukula. Mwezi watha zinalipo zisanu ndi ziwiri.

Ndikabwera kudzacheza ndinkamupeza ataweruka kuntchito atakhala pa mpando patsogolo pa galasilo, Agnesi ali pambali pake, onse maso ali pa nsomba. Tsiku lina anandiitana kuti ndidzaone. Ana a nsombazo akaswa amakakamira m'nthiti mwa makolo awo, kumadya timadzi toterera ta pakhungu, ngati akuyamwa. Make akatopa amadzigwedeza kamodzi, ana onse n'kusamukira kwa bambo. Ine m'malo modabwa ndinafunsa kuti kodi zidzukulu zanga ndi zimenezi? Domingo anangoseka. Agnesi anadzuka n'kupita kukhitchini.

Ndipo muli chinthu chanu m'menemo. Kankhali kanu kakang'ono kaja, kamene Domingo anapempha pogawana katundu wanu, anakavundikira pansi pa madzi. Akuti anayesa botolo, anayesa mwala, nsombazo zinakana, koma pa dongo lanu ndi pamene zimaikira mazira, chifukwa siloterera.

Sabata zitatu zapitazo Domingo anagwa ali kuntchito. Akuti sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafooka, pakamwa panapotoka. Anamutengera ku chipatala chachikulu ku Blantyre, Agnesi n'kupita naye kukamudwazika, ine anandiitana kuti ndidzasunge nyumba. Pokwera galimoto Agnesi anandionetsa kachitini ka chakudya cha nsomba, nati kawiri pa tsiku, kotsina ndi zala ziwiri. Anatinso china chilichonse ndisakhudze. Ndinamva, koma ndinamva ngati mmene munthu amamvera mawu a mkazi wa mwana wake.

Tsiku lachitatu ndikusesa ndinatsegula kabati ya pansi pa galasi. Muli chigubu chakuda chimene chimalira ngati njuchi, madzi amalowa ndi paipi ina n'kutuluka ndi ina. Domingo amati fyuluta, ndiye kuti sefa ya madzi a nsombazo. Ndinazimitsa n'kutsegula. Munali masiponji atatu odzaza matope oterera ngati m'mimba mwa mlamba, ndi timiyala toyera toboola pakati ngati mikanda, tonse takuda ndi ndere. Mumtima ndinati, uve wotere m'nyumba ya mwana wanga, mkazi alipo akungoyang'ana. Ndisakubisireni, Amayi, ndinakondwa. Ndinakondwa kuti ndapeza chomunenera.

Ndinagwira ntchito tsiku lonse. Timiyalato ndinatitsuka ndi sopo ndi phulusa, n'kutinyika m'madzi a kolorini amene azaumoyo anatigawira chifukwa cha kolera. Masiponji ndinawathira madzi owira n'kuwayanika pa thandala, dzuwa la Okutobala lathu lija mumalidziwa. Pofika madzulo awiri anali atayamba kufumbutuka ngati chigumu chogona. Kuseri kwa nyumba kuli migolo iwiri ya madzi a mvula. Wina unali ndi masamba ouma mkati, madzi ake ofiirira ngati tiyi, ndiye ndinaukhuthulira pa mpiru. M'galasimo ndinachotsa madzi theka n'kuthiramo a pampopi, oyera bwinobwino. Nditamaliza ndinaima patali n'kumadziyamikira ndekha.

M'mawa mwake madzi anali mbee ngati otsukira mpunga. Nsombazo zinada, mitundu ija inazimiririka, zinapinda zipsepse n'kuunjikana pakona. Zina zinkakwera pamwamba kumayasamula. Ine poona choncho ndinati uve sunathe, ndiye ndinathiramo madzi ena a pampopi. Yoyamba inafa tsiku lachiwiri. Ndinaitenga m'manja osadziwa chochita nayo. Mwana wa asodzi sataya nsomba. Make Chisomo, wa nyumba yoyandikana, anasuzumira pa mpanda nati, "Agogo, kazingeni msanga, timve ngati za azungu zili ndi minga." Ndinaseka naye, koma atachoka ndinakaikwirira patsinde pa papaya. M'masiku khumi ndinakumba patsinde pamenepo kanayi.

Tsiku lililonse masana Agnesi amaimba foni, n'kuiika pakamwa pa Domingo. Mawu ake ambiri sakumveka, lilime ndi lolemera. Koma limodzi limatuluka bwinobwino.

"Nsomba?"

Ine ndimati zili bwino mwanangu, zikudya. Ndanena choncho masiku onsewa, Amayi. Inu amene munandimenya ndi chipande chifukwa chonama kuti mbuzi ndi imene inadya chiponde.

Lamulungu la sabata yatha kunabwera bambo Semba, mnzake wa Domingo wa kuntchito, potuluka ku tchalitchi. Anangolowa n'kuima. Anawerenga nsomba ndi chala, ananunkhiza madzi, n'kutsegula chigubu chija. Ataona mmene munayerera anakhala pansi pa simenti, ndi suti yawo yomwe. Ndinawafotokozera zonse, ndikuganizabe kuti andiuza kuti ndinachita bwino koma nsombazo zalodzedwa. Iwo anati, "Amayi, uve uja ndiwo unali moyo wa nsombazi."

Anandifotokozera pang'onopang'ono, kawiri, ngati kwa mwana. Akuti nsomba imakodzera m'madzi momwe ikupumamo. Mu Shire madzi amapita, koma m'galasi mkodzowo umakhala momwemo n'kumawotcha makha amene nsomba imapumira. Tsono m'matope aja mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, tambirimbiri, timene timadya zoipazo madzi akamadutsa. Domingo anatiweta zaka, monga anawetera nsomba zomwe. Akafuna kutsuka amangofinya siponji imodzi m'madzi a m'galasi momwemo, zinazo osazikhudza. Masamba a mumgolo anaikamo dala kuti madzi afewe. Ndipo madzi a pampopi, akuti ali ndi kolorini, sathira asanagone masiku awiri. Ine ndinapha tizilombo tonse tsiku limodzi. Safunsa anadya phula, koma ine phulalo ndinadyetsa ena.

Ali mkati moyankhula ndinakumbukira tsiku lija ndili mtsikana, nditakwecha mkati mwa mtsuko wa madzi akumwa ndi mchenga mpaka kuyera. Munandimenya padzanja n'kunena kuti, mphika tsuka, mtsuko tsukuluza. Madzi anamveka dothi mwezi wathunthu ndipo abambo ankakamwa kwa azakhali. Mawu amenewo ndawauza ana anga ndi adzukulu anga. Koma tsiku limene anafunika sanabwere, chifukwa m'mutu munali modzaza Agnesi.

Ndinafunsa bambo Semba kuti tizilomboto timagulidwa kuti. Anati timabwera tokha, koma timatenga mwezi kapena kupitirira, ndipo nsomba zitatu zotsalazo sizingadikire. Masiponji atsopano ali ku Blantyre, ndipo ngakhale atabwera ndi nyumba zopanda anthu. Totsala pang'ono, anatero, tili pa kankhali kanu kaja, poti ndi chinthu chokha chimene dzanja langa silinafikepo. Akuti timakonda chinthu cha timabowo tating'onoting'ono, chokhala chonyowa nthawi zonse. Ndinafunsa ngati mapale angathandize. Anaganiza kaye, nati angathe, bola akhale a dongo lopanda utoto, losakhudzapo sopo kapena mafuta. Ndinafunsanso kuti nanga likakhala dongo loti lasunga madzi zaka zambiri osauma, kodi tizilomboto simungakhale kale? Anati sangalonjeze, koma mwina.

Mbiya za pamsika masiku ano amazipaka zonyezimira, ndipo n'zouma gwa. Dongo lotere ndimadziwa limodzi lokha.

Lolemba ndinakwera kabaza kupita kumudzi. Mtsuko wanu waukulu unali pamalo pake pakona, pa nkhata, ukutuluka thukuta monga mwa masiku onse. Chimwalirireni inu sunagonepo wopanda madzi. Pa madzi osefukira ndinausenza pamutu kukwera nawo kumtunda, mbuzi n'kuzisiya. Ndinasiyamo madzi pang'ono, ndinaukulunga ndi thumba lonyowa, n'kuufungata pamiyendo njira yonse. Wakabaza anafunsa ngati muli mowa. Ndinangoufungata zolimba.

Ndaswa mtsuko wanu, Amayi. Mlandu wake ndi umenewo. Ndinauika m'beseni la madzi a mvula kuti usaume, ndinatenga mwala wa mphero, ndipo kawiri dzanja linabwerera lokha. Kachitatu unalira kamodzi kokha. Munauumba bwino, unasweka mowongoka.

Bambo Semba anabwera ataweruka n'kujambula pansi ndi kamtengo mmene sefa yatsopano ikhalire. Tinatenga ndowa yatsopano, tinaiboola pansi ndi msomali wamoto, n'kuikhazika pa thabwa pamwamba pa galasi. Kapampu ka m'chigubu chija kakugwirabe ntchito, ndiye kamakweza madzi ndi paipi kukathira m'ndowa, madziwo n'kumatsika okha kubwerera kwa nsomba. Pansi penipeni tinayala miyala ya mumtsinje wa Mwanza, yophika kaye. Pamwamba pake mapale anu, ndiwo ambiri, kufika theka la ndowa. Kenako makala a tsanya ophwanya ndi kutsukuluza mpaka madzi atasiya kuda, ndi timiyala toyera tija, poti tinali titagona m'madzi a m'chigubu masiku ambiri sopo n'kuchoka. Pamwamba pafunika chogwira zinyalala. Ine ndinabweretsa neti ya udzudzu yakale, bambo Semba anandilanda ngati ndanyamula njoka, akuti ili ndi mankhwala oti akanamaliza zonse tsiku lomwelo. Ndiye tinayala thonje langa la mizere iwiri lija, lochotsa njere, limene ndimasintha likada.

Pa chinthu chimodzi ndinawatsutsa. Iwo amafuna mapale asinjidwe ang'onoang'ono ngati chimanga. Ine ndinati madzi atsamwa. Ndinakumbukira mmene munkasanjira mbiya powotcha, kusiya mipata kuti moto upeze njira, apo ayi zapakati zimatuluka zosapsa. Ndinaswa kukula ngati chitsekero cha botolo, n'kusanja ndi dzanja limodzilimodzi, mokhotamo kuyang'ana pansi. Pamwamba ndinaika mbale yoboolaboola kuti madzi asagwere malo amodzi, azidontha paliponse ngati mvula yowaza. Bambo Semba anayang'ana nati koma ndiye mukanalembedwa ntchito kwathu. Khosi la mtsuko, paja pali mphini zanu zokongoletsa ndi chidindo cha chala chanu, ndinaliika pambali kuti ndisunge. Koma mapale anachepa. Nalonso lili m'ndowa.

Lachitatu lake inafa yachisanu. Bambo Semba akuti inali itapsa kale makha, si mlandu wa mapale. Sindikudziwa ngati akunena zoona kapena akungondimvera chisoni.

Zatsala ziwiri, yaikazi yofiira ndi yaimuna ya mizere, zomwe zija zinkayamwitsa ana. Zimakhala pafupi ndi kankhali kanu, sizichoka. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chitatu chiikireni ndowa. Magetsi akazima kapampu kamaima, ndipo mapale akauma tizilombo tafanso, ndiye ndimaima pa mpando n'kumatunga ndi kapu m'galasi kuthira m'mbale ija, mpaka magetsi abwere. Dzulo anazima m'mawa kubwera dzuwa litapendeka. Phewa lamanjali silikukwera bwino, n'chifukwa chake zilembo zikupendama. M'mawa uliwonse ndimachotsa ndowa imodzi ya madzi akale n'kubwezeramo atsopano, a mvula osakaniza ndi a pampopi ogona. Koma mgolo wotsala uja madzi afika m'mawondo. A pamjigo ndi amchere, akuti angaziphe. Mitambo imasonkhana ku mapiri a Thyolo masana alionse, n'kubalalika osagwetsa kanthu, ndipo kutentha kwake ngakhale abuluzi akubisala. Mgolo ndinakhuthulira pa mpiru uja ndimaulota. Mpiruwo wakula bwino, sinditha kuudya.

Madzi ayamba kuyera, izo ndikuona. Lero m'mawa yaikazi inaonetsa kufiira pang'ono m'mbali. Ndinaponya kambewu kamodzi ka chakudya, inakatola, n'kulavula. Yaimuna ikadali yakuda, yapendekera pakona, ikupuma mofulumira. Ndimakhala pa mpando wa Domingo n'kumawerenga kupuma kwake mpaka maso achite chidima.

Dzulo Agnesi anaimba ndi nkhani yoti awatulutsa Lachisanu. Lero ndi Lachiwiri. Anati Domingo ankakana zolimbitsa dzanja, ankangotembenukira kukhoma, mpaka namwino atamuuza kuti ndi dzanja limenelo adzadyetsere nsomba zake. Tsopano akuti tsiku lonse amangotsina bulangeti ndi zala ziwiri, kuyeserera. Anatinso adokotala achenjeza kuti asamve chomudzidzimutsa, magazi ake akadali othamanga, ndipo sitiroko yachiwiri siibweza munthu. Pomaliza anati, "Takhuta amayi, mwatisungira nyumba." Zaka makumi awiri ndamunena mkazi ameneyu, ndipo wandithokoza tsiku limene ndamuphera ana.

Make Chisomo akuti ndinene kuti magetsi anazima masiku atatu, aliyense akhulupirira. Ndinafunsa bambo Semba ngati tingapeze zina zofanana, anati chigwa chonse chino palibe wina woweta, ndipo Domingo amadziwa iliyonse nkhope yake. Ndiye Lachisanu adzalowa pakhomopo atatsamira pa Agnesi, ndipo ndikudziwa kumene maso ake adzayambire. Adzaona ndowa pamwamba. Kenako adzawerenga. Ngati Mulungu alola adzafika pa ziwiri. Ngati ayi, sindikudziwa chimene ndidzagwire, iye kapena chitseko.

Amayi, munaika ana atatu m'manda, ndipo munkadziwa kuuza munthu uthenga woipa osamugwetsa. Ankakutumani ndinu kukanena maliro kutsidya. Ine luso limenelo sindinatengere. Kodi ndimuuze pa foni mawa, ali pafupi ndi adokotala, kuti chikachitika amuthandize msanga? Kapena ndikatero asiya kutsina bulangeti n'kutembenukiranso kukhoma? Kapena ndidikire aone yekha kuti ziwiri zilipo ndipo zikupuma? Ndafunsa abusa, anati tipemphere. Tinapemphera, koma Lachisanu silinasunthe.

Chimodzi ndatsimikiza, ndipo ndikulonjeza kwa inu. Sindinamizira magetsi. Mawa m'mawa ndiimbira Agnesi, ndimupempha atuluke panja pa wodi, ndimuuze zonse, ndi chimene chinali mumtima mwanga potsegula chigubu chija. Iye ndi amene amamudziwa mwamuna wake kuposa ine. Chimene adzanene ndidzachita, ndipo ulendo uno ndidzamva.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale chinthu chotsiriza chimene munandisiyira ndachiphwanya ndi manja anga. Ngati mwakwiya mudzandikalipire ndikafika, sikutali. Koma mukamuona Domingo akubwera njira ya kumeneko, musamulandire. Musamupatse mpando, musamupatse madzi. Muimirire pakati pa njira ndi mawu anu aja, mumubweze kuno.

Ndiyankheni lisanafike Lachisanu. Kaya m'maloto, kaya mwanjira ina imene amakulolani kumeneko, ndidzazindikira kuti ndinu.

Ine mwana wanu,
Enelesi